Funsani Akatswiri: Matesiti a pulogalamu akakakamira osatha

Makalata a ulendo uno achokera kwa anthu olemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo dandaulo lawo ndi limodzi. Matesiti odziyendera okha, amene ntchito yawo ndi kuona ngati pulogalamu ikugwira bwino, amafika pena n'kungoti zii. Sakhoza, salephera, amangokhala. Mafunso tawafupikitsa.

Akonzi, matesiti athu amatenga mphindi 12 pa GitHub Actions. Tsiku lina anakakamira usiku, m'mawa tinapeza kuti anayenda maola 6. Mphindi zathu zaulere zatsala pang'ono kutha mwezi usanafike pakati. Titani?
*Wolemba mapulogalamu, Lilongwe*

Zikomo polemba. Maola 6 amenewo si ngozi. Pa GitHub Actions, chida choyendetsa matesiti pa maseva a GitHub, job (gulu la ntchito zoyendera pamodzi) iliyonse imene simunaiikire malire imapatsidwa mphindi 360, ndipo akaunti yaulere imalandira mphindi 2,000 pamwezi za ma repository obisika. Ndiye kuti kukakamira kasanu kokha kumadya mphindi 1,800. Choyamba, mu fayilo yanu ya YAML lembani `timeout-minutes: 30` pa job. Chachiwiri, pa step (gawo limodzi la job) imene imayendetsa matesiti ikaninso `timeout-minutes: 20`. Kuika pawiri kuli ndi chifukwa: step ikaimitsidwa pa mphindi 20, job imakhala ikadali ndi mphindi zina zotumizira ma log ndi malipoti, bola step yotumizayo mwailembera `if: always()`. Wonjezerani `concurrency` ndi `cancel-in-progress: true` kuti mukakankha code yatsopano, ulendo wakale uziimitsidwa m'malo moyendera limodzi ndi watsopano.

Amene muli pa GitLab, malire oyambira ndi mphindi 60, ndipo mumawasintha ndi mawu akuti `timeout` pa job. Pa Jenkins pali `timeout(time: 20, unit: 'MINUTES')`, ndipo mukawonjezera `activity: true` imawerenga nthawi imene yadutsa popanda chilichonse kulembedwa mu log. CircleCI imaimitsa lamulo limene lakhala chete kwa mphindi 10.

Komatu malire a CI, kutanthauza zida ngati zimenezi zoyendetsa matesiti pazokha, amangoteteza thumba lanu. Akakwana, zonse zimadulidwa nthawi imodzi ndipo simudziwa tesiti yomwe inakakamira, ngakhale mzere umene inaimapo. N'chifukwa chake malire ayenera kusanjikizana, am'kati akhale aafupi kuposa akunja: kuitana kulikonse kwa pa netiweki kapena database masekondi 5 mpaka 10, tesiti imodzi masekondi 60, lamulo lonse la matesiti mphindi 18, step mphindi 20, job mphindi 30. Cholinga n'chakuti malire am'kati ayambe kulira, chifukwa ndiwo amatchula dzina la wolakwa. Ngati malire a job ndiwo akugwira ntchito kawirikawiri, dziwani kuti m'kati muli mpata umene simunatseke.

Ndinaika pytest-timeout ndi `--timeout=60`. Pa kompyuta yanga ya Linux tesiti ina imapitirirabe osaima, pomwe kwa mnzanga wa Windows matesiti onse amafa kamodzi popanda lipoti. Chida chomwechi chikuchita ziwiri bwanji?
*Wophunzira za makompyuta, Zomba*

Chidachi, chimene chimaika malire a nthawi pa matesiti a Python, chili ndi njira ziwiri zoimitsira tesiti, ndipo makina anu awiriwo akugwiritsa ntchito njira zosiyana.

Pa Linux ndi macOS chimasankha njira ya `signal`. Chimatchera alamu ya SIGALRM, nthawi ikakwana chimaponya cholakwa m'kati mwa tesiti ija. Ubwino wake ndi woti tesiti imodziyo imalembedwa kuti yalephera, ma fixture (code yokonzekera tesiti isanayambe) amasesa zomwe anatsegula, ndipo matesiti otsala amapitiriza. Koma Python imayankha signal mu thread (kanjira kamodzi ka ntchito m'kati mwa pulogalamu) yaikulu yokha, ndiponso pokhapokha ikabwerera ku code ya Python. Ngati tesiti yalowa mu library yolembedwa mu C n'kukakamira mmenemo, alamu imalira koma palibe woimva mpaka library ija itabwerera. Palinso msampha wina umene anthu amadzitchera okha: `while True` yokhala ndi `except:` yopanda dzina m'kati mwake. Imeneyo imameza ngakhale cholakwa choponyedwa ndi alamu, n'kubwerezanso ngati palibe chachitika. Lembani `except Exception:` kapena, koposa, dzina lenileni la cholakwa chimene mukuyembekezera.

Windows ilibe SIGALRM, choncho kumeneko chimagwiritsa ntchito njira ya `thread`. Thread ina imawerenga nthawi, ikakwana imasindikiza pamene thread iliyonse yaima, kenako imapha process yonse ndi `os._exit`. Palibe kusesa, palibe lipoti la JUnit XML, ndipo matesiti otsala sayenda. Ndi zimene mnzanuyo akuona. Pa Linux mukhoza kuisankha nokha ndi `--timeout-method=thread`, ndipo pa tesiti yanu yokakamirayo ndi pamene muyambire. Kuti imfa ya process isawononge ulendo wonse, phatikizani ndi pytest-xdist, mwachitsanzo `-n 4`: amafa ndi worker mmodzi yekha, xdist imalemba dzina la tesiti imene anafera n'kudzutsa worker wina.

Njira ya thread nayonso ili ndi polekezera. Thread yowerenga nthawiyo ndi ya Python, ndiye ngati code ya C yagwira GIL (loko imene thread iyenera kugwira kuti iyendetse code ya Python) osaisiya, nayo siyenda. Apa pamathandiza `faulthandler_timeout = 45` mu fayilo ya `pytest.ini`. Mlonda wa faulthandler sadalira GIL. Pakadutsa masekondi 45 amasindikiza pamene thread iliyonse ili, ngakhale sapha tesiti. Nambala yake ikhale yochepa kuposa ya timeout kuti umboni utuluke tesiti isanaphedwe. Ndipo mukaipeza process ikadali yokakamira, musafulumire kuipha. Tsegulani terminal ina, lembani `py-spy dump --pid` ndi nambala yake, muona fayilo ndi mzere pamene yaima. Pa Java ntchito yomweyi imagwiridwa ndi `jstack` kapena `kill -3`. Go imadzichitira yokha: `go test` ikadutsa mphindi 10 imaima n'kusindikiza ma goroutine onse.

Kumbukiraninso kuti masekondi 60 aja akuwerengera ndi nthawi ya ma fixture. Tesiti yoyamba imene imadzutsa database ikhoza kulephera pomwe yokha ndi yachangu, ipatseni `@pytest.mark.timeout(180)` kapena ikani `timeout_func_only = true`.

Nanga tesiti imodzi ndiipatse masekondi angati?
*Wowerenga, Mzuzu*

Yezani kaye. `pytest --durations=20` imaonetsa matesiti 20 ochedwa kwambiri. Yezerani pa makina a CI, osati pa laputopu yanu, chifukwa makina a CI nthawi zambiri amakhala ndi mphamvu zochepa komanso amagawana ndi ntchito zina. Tengani nthawi ya tesiti yochedwetsetsa n'kuichulukitsa katatu mpaka kasanu. Mukapanikiza kwambiri, matesiti abwinobwino aziyamba kulephera tsiku limene makina alema, ndipo anzanu azolowera kungodina kuti ayambirenso osawerenga chomwe chalembedwa. Chizolowezi chimenecho n'choipa kuposa kudikira masekondi 30 owonjezera.

Ena amafunsa ngati kuli chida chodziwa chokha kuti tesiti yakakamiradi kapena ikungochedwa. Chodziwa nthawi zonse kulibe, ndipo sichidzakhalako: Alan Turing anasonyeza mu 1936 kuti palibe njira imodzi youzira ngati pulogalamu iliyonse idzafika pomaliza. Nambala muyenera kuisankha ndinu. Chimodzi chokha: timeout si yoyezera liwiro. Ngati mukufuna kutsimikiza kuti tsamba likutseguka pasanathe masekondi awiri, imeneyo ndi tesiti ina payokha.

Matesiti anga a Jest onse amakhoza, zobiriwira zokhazokha, koma pulogalamu situluka. Mnzanga akuti ndiike `--forceExit`. Ndimumvere?
*Wolemba mapulogalamu, Blantyre*

Mumvereni kwa tsiku limodzi ngati ntchito ikufunika lero, koma musaisiye momwemo. Node, pulogalamu imene imayendetsa Jest ndi code yanu ya JavaScript, situluka pamene pali chinthu chimene chikadali chotsegula: seva ya HTTP imene ikumvetserabe, pool ya database, kulumikizana ndi Redis, kapena `setInterval` imene sinazimitsidwe. Jest imakuchenjezani kuti sinatuluke patadutsa sekondi imodzi matesiti atatha. Yendetsani kamodzi ndi `--detectOpenHandles`, ikuuzani pamene chinthucho chinatsegulidwira. Musaiike mu CI mpaka kalekale chifukwa imayendetsa matesiti motsatizana ndipo imachedwetsa. Mukachipeza, tsekani mu `afterAll`: `server.close()`, `pool.end()`, `clearInterval`, ndipo zimene zimabweza promise muzidikire ndi `await`. Vuto la `--forceExit` ndi loti pulogalamu imene ikulephera kutseka zinthu zake mu tesiti idzalepheranso pa seva yeniyeni pamene mukuiyambitsanso, ndipo mwazimitsa chizindikiro chokhacho chimene chikanakuuzani. A Mocha, chida china choyesera JavaScript, muli m'gulu lomweli. Kuyambira pa Mocha 4 situlukanso mokakamiza pokhapokha mutalemba `--exit`.

Dziwaninso ichi za malire a Jest, amene ndi masekondi 5 pa tesiti iliyonse, ndi a Mocha, amene ndi masekondi 2. Amagwira tesiti yodikira promise imene sikubwera. Sagwira `while` yozungulira kosatha, chifukwa wotchi yawo imadalira event loop yomweyo imene `while` ija yatsekereza. Pa vuto limenelo mumafunika malire ochokera kunja kwa process, omwe tawafotokoza m'munsimu. Ndipo ngati tesiti ikulephera pa masekondi 5 enieni nthawi zonse, onani ngati simunayatse `jest.useFakeTimers()` n'kumadikira `setTimeout` imene palibe akuisuntha. Kukweza malire kufika masekondi 60 kungokuchedwetsani kulandira uthenga womwewo.

Matesiti athu amagwiritsa ntchito PostgreSQL. Amakakamira pomaliza, pa nthawi yofufuta ma table. CPU imakhala pa ziro, palibe uthenga uliwonse. Tinkaganiza kuti database imazindikira yokha deadlock.
*Gulu la olemba mapulogalamu, Lusaka*

Imazindikiradi, koma chimene muli nachochi si deadlock (mbali ziwiri kudikirana kosatha) imene database ingaione. Zimachitika motere. Tesiti imatsegula kulumikizana koyamba n'kuwerenga table ndi SELECT wamba. Ma driver ambiri, kuphatikizapo psycopg2, amayambitsa transaction pa lamulo loyamba, ngakhale likhale longowerenga. Transaction imeneyo imagwira loko yaing'ono ya ACCESS SHARE pa table mpaka itatsekedwa ndi commit kapena rollback. Tesiti imatha osaitseka. Kenako gawo losesa limatsegula kulumikizana kwachiwiri n'kutumiza TRUNCATE kapena DROP TABLE, zimene zimafuna loko ya ACCESS EXCLUSIVE. Lachiwiri likudikira loyamba, ndipo loyamba silingatseke chifukwa pulogalamu imene ikanalitseka ndi yomweyo imene yaima kudikira. Zili ngati munthu wogogoda kuti amutsegulire pomwe kiyi ali m'thumba mwake. PostgreSQL imafufuza deadlock pakadutsa sekondi imodzi, koma imangoona mmodzi wodikira ndi wina amene wangokhala, ndiye sipeza chifukwa chophera aliyense. Poti `lock_timeout` ndi `statement_timeout` zonse zimayambira pa 0, kutanthauza kuti palibe malire, kudikirako sikutha.

Zikakakamira, lowani ndi psql n'kulemba `SELECT pid, state, pg_blocking_pids(pid), query FROM pg_stat_activity;`. Mupeza mzere umodzi wolembedwa `idle in transaction`, ndipo nambala yake ionekera pa mzere wa TRUNCATE monga wotsekereza. Gawo la `query` la mzere woyambawo likuonetsani lamulo lomaliza limene unatumiza, ndipo limenelo likufikitsani pa tesiti yolakwa. Konzani fixture kuti izichita rollback ndi kutseka session isanafike posesa, ndipo ikani zimenezo mu `finally` kuti zichitike ngakhale tesiti italephera.

Kuti lisadzakhalenso la chinunu, ikani malire pa user wa matesiti yekha, osati pa seva yonse: `ALTER ROLE` dzina lake `SET lock_timeout = '10s'`, chimodzimodzi `statement_timeout = '30s'` ndi `idle_in_transaction_session_timeout = '60s'`. Tsopano mmalo mwa bata mulandira cholakwa chotchula loko. A MySQL musadzione otetezeka. `innodb_lock_wait_timeout` ndi masekondi 50, inde, koma imakhudza maloko a mizere. DROP TABLE imadikira metadata lock, imene imalamulidwa ndi `lock_wait_timeout`, ndipo imeneyo imayambira pa masekondi 31,536,000. Chimenecho ndi chaka chathunthu.

Tili ndi matesiti amene amaitana seva yoyeserera ya kampani ina yotumiza ndalama pafoni. Intaneti ikavuta ku ofesi, amangoima.
*Wowerenga, Lilongwe*

Ngati mukugwiritsa ntchito `requests` ya Python, dziwani kuti ilibe malire a nthawi pokhapokha mutawalemba. Polumikiza, Linux imatopa yokha pakadutsa mphindi ziwiri ndi masekondi pang'ono. Koma ngati kulumikiza kunatheka kenako router yazima pamene mukudikira yankho, palibe amene amauza kompyuta yanu kuti mbali inayo yapita. TCP keepalive siyaka yokha, ndipo ikayatsidwa pa Linux imayamba kufunsa pakadutsa masekondi 7,200. Lembani `timeout=(5, 20)` pa kuitana kulikonse: masekondi 5 olumikizira, 20 odikira yankho. Zindikirani kuti 20 ameneyo akuwerenga mpata wa pakati pa zidutswa za yankho, si nthawi yonse. Seva yotumiza pang'onopang'ono ikhoza kukusungani nthawi yaitali osawadutsa. Malire amenewa akhale mu code ya pulogalamu yeniyeniyo, chifukwa kukakamira kumene mwakuona mu tesiti n'komwe kasitomala adzakuone.

Podikira uthenga wotsimikiza kuti ndalama zalowa, musalembe `while` yofunsa mpaka yankho litabwera. Werengerani nthawi yomaliza ndi `time.monotonic()`, funsani sekondi iliyonse, nthawi ikatha lepheretsani tesiti ndi uthenga wonena chimene mumadikira ndi yankho lomaliza limene munalandira.

Maganizo athu ndi oti matesiti a tsiku ndi tsiku asatuluke kunja n'komwe. Gwiritsani ntchito library ya `responses` kuti iziyankha m'malo mwa sevayo, ndipo yatsani pytest-socket ndi `--disable-socket` kuti tesiti iliyonse yozembera kunja izilephera pompo. Oitana seva yeniyeni apatuleni m'gulu lawo loyenda kamodzi usiku.

Timeout imapha matesiti bwinobwino, koma ulendo wotsatira umakana kuti port 8000 ili kale ndi mwini. Ndikayang'ana ndimapeza Chrome ndi seva yoyesera zikadali moyo.
*Woyang'anira maseva, Johannesburg*

Mwapha kholo, ana atsala. `subprocess.run` yokhala ndi `timeout` imapha process imene inaiyambitsa yokha basi. Ngati munalemba `shell=True`, nthawi zambiri imene yaphedwa ndi shell, ndipo seva ili pansi pake ikupitiriza. Yambitsani ndi `start_new_session=True` kuti process ndi ana ake akhale m'gulu lawolawo, ndipo pomaliza tumizani signal ku gulu lonse ndi `os.killpg`: SIGTERM kaye, dikirani masekondi 5 mpaka 10, kenako SIGKILL. Musayambe ndi SIGKILL, chifukwa process siingathe kuiyankha. Mafayilo akanthawi ndi maloko zimatsala mmene zinalili.

Pa lamulo lonse, chida cha `timeout` cha GNU coreutils chimachita zomwezi: `timeout -k 30s 18m pytest`. Pakatha mphindi 18 chimatumiza SIGTERM ku gulu lonse, pakadutsa masekondi ena 30 SIGKILL. Chimatuluka ndi nambala 124 ngati nthawi inatha, kapena 137 ngati panafunika SIGKILL, ndipo script yanu ikhoza kugwiritsa ntchito manambalawa kusiyanitsa kukakamira ndi kulephera wamba. Samalani ndi 137, chifukwa imatulukanso pamene kernel yapha process chifukwa memory yatha. Lamulo la `dmesg` ndilo lingakuuzeni. Pa macOS chidachi sichibwera chokha, mumachipeza mu coreutils ya Homebrew ndi dzina loti `gtimeout`.

Docker ili ndi khalidwe lake. Kupha lamulo la `docker run` ndi SIGKILL sikuimitsa container, chifukwa mwini wake ndi daemon. Ipatseni dzina ndi `--name`, ndipo mu step yosesa lembani `docker rm -f` ndi dzinalo. Ikaninso `--init`, chifukwa process imene ili PID 1 mu container sifa ndi SIGTERM ngati sinalembedwe kuti iziyiyankha, ndiye `docker stop` imadikira masekondi 10 pachabe isanatumize SIGKILL. Pa za port, lekani kulemba 8000: pemphani port 0, makina akupatsani imene ili yaulere, ndipo tesiti iwerenge nambalayo.

Mukaona process imene ikukana ngakhale `kill -9`, yang'anani `ps`. Ikakhala ndi chilembo D, ikudikira disk kapena NFS m'kati mwa kernel, ndipo vuto lili pa makinawo, osati mu tesiti.

Pa laputopu zonse zimayenda. Pa CI zimaima pa mzere woyamba, tesiti ngakhale imodzi isanayambe.
*Wowerenga, Chipata*

Kawirikawiri pali chinthu chimene chikufunsa funso pamalo pamene palibe woyankha. `apt-get install` yopanda `-y` imadikira chilolezo. Phukusi la tzdata limafunsa dera lanu pokhapokha mutaika `DEBIAN_FRONTEND=noninteractive`. Git imapempha pasiwedi; `GIT_TERMINAL_PROMPT=0` imaichititsa kulephera mmalo modikira. Zida zina zimalowa mu watch mode n'kumadikira kuti musinthe fayilo, choncho lembani `vitest run`, ndipo pa react-scripts onetsetsani kuti `CI=true` ilipo. Kuti muone vutoli pa laputopu, yendetsani lamulo lomwelo mutawonjezera `< /dev/null` kumapeto. Chofunsa funso chija nthawi zambiri chimadziulula.

Ngati si funso, yang'anani mapaipi. Script imene imayambitsa pulogalamu ina ndi `stdout=PIPE` kenako n'kuitana `wait()` osawerenga zotuluka imaima paipi ikadzaza, ndipo pa Linux imadzaza pa mabayiti 65,536. Mwana akudikira malo olembapo, kholo likudikira mwana amalize. Pa laputopu zotuluka zimakhala zochepa ndiye sizifika pamenepo, koma CI imene mwaiyatsira ma log atsatanetsatane imadutsa malirewo msanga. Gwiritsani ntchito `communicate(timeout=120)`, imene imawerenga uku ikudikira, kapena tumizani zotulukazo ku fayilo ndipo fayiloyo muisunge pamodzi ndi malipoti a ulendowo.